SteamOS kapena Windows: chisankho chimene amakupangirani bokosi lisanatsegulidwe

Kumapeto kwa mwezi wa June, m'mawa wina chifunga chitatsika m'phiri la Dedza mpaka magalimoto a pa M1 akuyenda atayatsa nyali, alamu anga a ku Joni anandiimbira pa WhatsApp. Ndinali ndisanatsegule n'komwe kashopu kanga kokonzera mafoni ndi malaputopu pa boma pano.

"Alamu, inu zinthuzi mumazidziwa. Mwanayu ndinamulonjeza kuti akamaliza mayeso a Fomu 4 ndimugulira kamakina ka magemu ka m'manja. Ndiye ndili m'shopu muno, andionetsa tiwiri. Kena akuti n'ka Windows, kena n'ka SteamOS. Nditenge kati?"

Ndinawafunsa kuti mwanayo amakonda gemu yanji. Anaseka, n'kunena kuti limenelo si funso, mnyamata aliyense wa ku Dedza amasewera FIFA. Ndinawapempha kuti asalipire kaye, ndiwaimbira madzulo. Zimene ndinawafotokozera madzulowo ndi zimene ndalemba apa, chifukwa timakinati tayamba kuoneka kuno, ndipo ambiri amene amatitumizira kuchokera kunja amangoyang'ana mtengo ndi kukula kwa sikirini basi.

Timakina timeneti si PlayStation yaing'ono ayi, komanso si foni. Ndi kompyuta yeniyeni, yofanana ndi laputopu, koma aipanikiza kuti ikwane m'manja awiri: sikirini pakati, mabatani uku ndi uku. Makampani ang'onoang'ono a ku China monga GPD anayamba kale kupanga zotere, koma nkhani inatchuka mu February 2022 pamene kampani ya Valve ya ku America inatulutsa Steam Deck pa mtengo woyambira madola 399. Ataona kuti malonda alipo, ASUS anatulutsa ROG Ally mu 2023, Lenovo nawo anabwera ndi Legion Go chaka chomwecho, MSI inatsatira ndi Claw mu 2024. Steam Deck inabwera ndi SteamOS. Enawa onse anabwera ndi Windows 11.

Sisitimu, imene ena amangoti OS, ndi pulogalamu yaikulu imene imadzuka koyamba mukayatsa makina. Ndiyo imagawa ntchito: gemu ilandire mphamvu zochuluka bwanji, batire lidyedwe motani, batani mwadinalo litanthauze chiyani, fani izungulire liti. Pa kompyuta iliyonse mukhoza kuchotsa sisitimu imene munaipeza n'kuikapo ina. Koma pa zaka zonse zimene ndakhala ndikutsegula malaputopu a anthu, amene anasinthapo sisitimu mwa kufuna kwawo ndikhoza kuwawerenga ndi zala za dzanja limodzi. Munthu amakhala ndi chimene anachipeza m'bokosi mpaka makinawo atafa. N'chifukwa chake makampani amalimbirana kwambiri kuti sisitimu yobwera kale m'makina ikhale yawo. Amene wapambana pamenepo wapambananso pa funso lakuti mwini makinawo azigula magemu m'sitolo ya ndani.

Valve ndiyo mwini wa Steam, sitolo yaikulu kwambiri ya pa intaneti yogulitsa magemu a pa kompyuta. Pa magemu ambiri ogulitsidwa mmenemo, Valve imatengapo 30 peresenti. Kwa zaka zambiri malonda onsewa ankachitikira pa Windows, ndiye kuti m'nyumba ya Microsoft. Mu 2012, Microsoft itatulutsa Windows 8 yokhala ndi sitolo yakeyake ya mapulogalamu, mkulu wa Valve, Gabe Newell, anadandaula poyera. Mantha ake anali a munthu wochita geni pakhonde la mwini wake: tsiku lina mwini nyumba akhoza kudzuka n'kunena kuti kuyambira lero aliyense azigula kwa ine. Valve inayamba kumanga pake. Inatenga Linux, sisitimu yaulere imene Linus Torvalds anayambitsa mu 1991 ndipo aliyense ali ndi ufulu woisintha, n'kupangapo SteamOS mu 2013. Mu 2015 inatulutsa makompyuta a pabalaza otchedwa Steam Machine, koma sanayende malonda. Chifukwa chake chinali chodziwikiratu: magemu ambiri analembedwera Windows, ndipo pa Linux sankatseguka.

Valve sinasiye. Mu 2018 inatulutsa Proton, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya SteamOS. Proton ili ngati womasulira pa msonkhano wa chitsitsimutso. Mlaliki akulankhula Chingelezi, womasulira akubweza m'Chichewa pompopompo, mpingo ukumva osachedwa. Gemu imalankhula chilankhulo cha Windows, imapempha zithunzi kudzera mu DirectX ya Microsoft. Proton imalandira pempholo n'kulitembenuzira ku Vulkan, imene Linux imamva. Gemuyo sidziwa n'komwe kuti siili pa Windows. Proton sinachokere pa chabe, inamangidwa pa Wine, ntchito imene anthu odzipereka anayamba mu 1993. Lero magemu masauzande ambiri a Windows amayenda pa Steam Deck mwa njira imeneyi. Valve imawayesa n'kuwaika chizindikiro m'sitolo: chobiriwira ngati gemu ikuyenda bwinobwino, chachikasu ngati ikuyenda koma pali zina zovutirapo monga zilembo zazing'ono, ndi china chosonyeza kuti siyenda.

Nanga n'chifukwa chiyani ASUS, Lenovo ndi MSI anasankha Windows? Choyamba, nthawi imeneyo Valve inali isanayambe kupereka SteamOS ya pa Steam Deck kwa makampani ena. Chachiwiri, makampaniwa amapanga malaputopu a Windows tsiku ndi tsiku, madiraiva (timapulogalamu tothandiza sisitimu kuyendetsa zitsulo za mkati) ndi amisiri ali nawo kale. Chachitatu, ndipo ichi n'chachikulu, pa Windows akhoza kulemba pa bokosi kuti kamakinaka kamasewera gemu iliyonse ya pa kompyuta, kuchokera m'sitolo iliyonse, popanda womasulira. Zimenezo n'zoona ndithu.

Koma Windows anaipangira munthu wokhala pa desiki, wokhala ndi kiyibodi ndi mausi. Mukaiika pa sikirini ya mainchesi 7, timabatani take timakhala ngati nthanga za mpiru. Ndinagwirapo ka Windows ka kasitomala wina wochokera ku Lizulu. Tisanafike pa gemu, kanafuna akaunti ya Microsoft, kenako update ya Windows, kenako update ya pulogalamu ya kampani imene inapanga makinawo, kenako update ya madiraiva a zithunzi. Pakati pa gemu kankatulukira kauthenga kofuna kuti udine kakona kakang'ono ndi chala. Steam Deck mukaiyatsa imakufikitsani pa magemu anu, ndipo chilichonse mumachipeza ndi mabatani omwe muli nawo m'manja. Desiki ya Linux ilimo, yotchedwa KDE Plasma, koma mumapitako pokhapokha mwafuna.

Kusiyana kumene ine ndimakuona kukhala kwakukulu kwa ife kuno ndi kagonedwe ka makina. Pa SteamOS mukadina batani lozimitsira muli pakati pa gemu, makina amagona nthawi yomweyo. Mukadinanso, kaya patatha maola, gemu imapitirira pomwe munasiyira. Muli mu minibasi yochokera ku Lilongwe, mwafika pa Chimbiya kondakitala akuti sunthani, mumangodina n'kuika m'chikwama. Pa Windows kugona kotereku n'kosadalirika. Makina amatha kudzuka okha ali m'chikwama, n'kumatentha, n'kumadya batire, mwini wake osadziwa. Magemu ena akadzuka amapezeka aima, ofunika kuyambanso. Njira yozembera vutoli ilipo, yotchedwa hibernate, imene imasunga zonse pa diski n'kuzimitsiratu, koma imachedwerapo podzuka ndipo munthu amayenera kukaisankha yekha m'masetingi.

Batire nalo ndi nkhani. Steam Deck yoyamba ili ndi batire la 40 Wh (Wh ndi muyeso wa mphamvu imene batire limasunga), ya sikirini ya OLED imene inatuluka mu November 2023 ili ndi la 50 Wh. ROG Ally yoyamba inalinso ndi la 40 Wh, ndipo ASUS inaliwirikiza kufika pa 80 Wh pa Ally X mu 2024. Pa gemu yolemera, batire la 40 Wh silifika patali, maola awiri mwina osakwana. Ndiye mphamvu iliyonse imene sisitimu ikudya pa zinthu zake zam'mbali ndi mphamvu yolandidwa kwa gemu. Windows imayendetsa zinthu zambiri kuseri zimene wosewera sazifuna: kusakasaka mafayilo, kuyang'ana ma update, kukonzekera pulinta imene kulibe. SteamOS ndi yopepukirapo, ndipo ili ndi kamenyu kamene mumatsegula gemu ili mkati n'kuchepetsa mawati amene purosesa, ubongo wa makinawo, ikudya, kapena kuletsa zithunzi kupitirira 30 kapena 40 pa sekondi. Kwa munthu wa kunja zimenezi ndi zongosangalatsa. Kwa munthu wa ku Bembeke amene magetsi akathima m'mawa sadziwa kuti abwera liti, kapena amene amatchaja pa sola ya panyumba, ola limodzi lowonjezera ndi kanthu.

Kwa nthawi yaitali zinali zovuta kunena motsimikiza kuti kusiyanaku kukuchokera ku sisitimu kapena ku zitsulo za mkati, popeza makinawo anali osiyana. Mu 2025 Lenovo inatulutsa Legion Go S m'mitundu iwiri, wina wa Windows, wina wa SteamOS. Aka kanali koyamba kuti kampani ina, osati Valve, igulitse kamakina ka m'manja kokhala ndi SteamOS movomerezeka. Anthu oyesa zipangizo anatha kuika masisitimu onse awiri pa makina amodzimodzi, ndipo ambiri anapeza kuti pa magemu ochuluka SteamOS ikuthamanga mofanana kapena kuposa Windows, batire n'kumakhalitsanso. Ganizirani: gemu yolembedwera Windows, yodutsa kwa womasulira, n'kumayenda bwino kuposa kwawo.

Mpaka apa mungaganize kuti alamu ndinawauza kuti atenge ka SteamOS. Sindinatero, ndipo chifukwa chake ndi FIFA.

Magemu amene anthu amapikisana pa intaneti ali ndi vuto la akuba. Munthu amaika kapulogalamu komuthandiza kuona kuseri kwa khoma kapena kuwombera osaphonya. Makampani a magemu amalimbana nawo ndi mapulogalamu otchedwa anti-cheat. Anti-cheat ili ngati woyang'anira mayeso a MANEB, koma woyang'anira wake wosakhutira ndi kuyendayenda m'holo. Iye amafuna kupisa m'matumba, kuvula nsapato, mpaka kukakhala pa mtima penipeni pa sisitimu, pamene amati kernel, kuti aziona chilichonse chimene chikuyenda m'makinamo. Pa Windows zimenezi zimatheka chifukwa khomo la pamtimapo kiyi wake amasunga ndi Microsoft, ndipo chilichonse cholowa chimafunika chidindo. Pa Linux mwini makina ali ndi ufulu wosintha kernel mmene wafunira. Ufulu umenewu ndi umene umapangitsa Linux kukhala yabwino, koma kwa woyang'anira mayeso ndiye kuti wolemba mayeso ali ndi kiyi wa holo. Proton imatha kumasulira zopempha za gemu, koma singathe kulowetsa mlonda wa Windows mu kernel ya Linux.

Kampani ya EA inaika anti-cheat yakeyake ya mtundu umenewu kuyambira pa FIFA 23. Gemuyi inasintha dzina mu 2023 kukhala EA Sports FC, ngakhale kuno tonse timangoti FIFA, ndipo FC 24 ndi FC 25 siziyenda pa SteamOS. Fortnite siyenda. Valorant siyenda. Call of Duty ya zaka zaposachedwa siyenda. Ndipo choopsa kwambiri n'chakuti gemu imene ikuyenda lero ikhoza kuleka mawa. Mu September 2024 mbali ya pa intaneti ya GTA V inasiya kuyenda pa Steam Deck itaikidwa anti-cheat ya BattlEye, ngakhale mbali yosewera wekha imayendabe. Patangopita milungu yochepa Apex Legends nayo inatsekera osewera a pa Linux, eni ake akunena kuti akuba ambiri akudzera kumeneko. Si kuti njira palibe. Easy Anti-Cheat ndi BattlEye zonse zili ndi mtundu woyenda ndi Proton kuyambira 2021, ndipo magemu ena anautsegula. Koma kutsegula kapena kusatsegula ndi chisankho cha mwini gemu, ndipo Valve singamukakamize.

Ndiye kwa mnyamata amene akufuna kuchinya zigoli ndi Liverpool, SteamOS ngakhale ikhale yabwino chotani, ndi nyumba yokongola yopanda ndiwo.

Tibwere ku bandulo. Magemu akuluakulu a masiku ano ena amapitirira 100 GB, ndipo izi n'chimodzimodzi pa masisitimu onse awiri. Kusiyana kuli pa zodyera m'mbali. Windows imatsitsa ma update ake aakulu mwezi uliwonse pokhapokha mutaiuza kuti netiweki yanu ndi yolipira pa mlingo, pa setingi yotchedwa metered connection. SteamOS nayo ili ndi kake: imakonda kutsitsa timafayilo totchedwa shader cache, tothandiza kuti zithunzi zisamadodome gemu ikamayenda. Timafayiloti timabwera pafupipafupi, pa gemu iliyonse imene mwaika, ndipo munthu wolumikiza pa hotspot ya foni amangozindikira bandulo yatha. Mukhoza kutitseka m'masetingi a Steam. Makina onse awiri amafuna intaneti tsiku loyamba, ndipo Steam ili ndi njira yosewerera popanda netiweki mukalowa kamodzi, ngakhale magemu ena amafunabe kutsimikiza pa intaneti nthawi ndi nthawi.

Kugula magemu nakonso si kophweka kuno. Steam silandira Airtel Money kapena Mpamba mwachindunji, pamafunika khadi ya ku banki yotha kulipira kunja, kapena m'bale wa kunja akugulireni. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, gemu ya madola 70 ndi ndalama yoti munthu wa mbatatesi agulire feteleza. Apa Windows ili ndi mwayi wina. Epic Games Store, sitolo ina ya magemu ya pa intaneti, imapereka gemu yaulere sabata iliyonse, ndipo pa Windows mumangoika pulogalamu yake n'kuyamba. Game Pass ya Microsoft, yolipira pamwezi, magemu ake otsitsira pa kompyuta amafuna Windows. Pa SteamOS magemu a Epic amatheka kudzera pa pulogalamu ngati Heroic, koma pamafunika kupita ku desiki ya Linux ndi kuleza mtima pang'ono.

Palinso chinthu chimene olemba za magemu a kunja sangachiganizire: ndani adzakonze? Kuyambira pa Linthipe mpaka pa Ntcheu boma, mnyamata aliyense wobena nyimbo ndi mafilimu amadziwa kuika Windows. Linux amaidziwa ndi ochepa. Kasitomala wina anabwera ndi memori khadi ya Steam Deck akudandaula kuti yafa, chifukwa ataiika mu laputopu ya pa malo obenera, laputopuyo inati khadiyo ikufunika kufomata. Khadiyo inali bwinobwino. SteamOS imakonza makhadi mwa njira ya Linux yotchedwa ext4, imene Windows siiwerenga payokha. Akanavomera kufomata, magemu amene anatsitsa kwa milungu akanapita onse. Ndinenenso poyera kuti magemu ambiri oyenda pa mafulashi kuno ndi okhadzulidwa, osagula, ndipo amabwera ndi mavairasi. Malaputopu odwala chifukwa cha zimenezi ndimawalandira sabata iliyonse. Pa mbali imeneyi SteamOS ndi yolimba: mafayilo a sisitimu anawakhoma kuti asamalembedwe wamba, ndipo zinthu zikasokonekera mumatha kuibwezeretsa yonse kuchokera pa fulashi ndi fayilo imene Valve imapereka kwaulere. Koma Valve sigulitsa Steam Deck mwachindunji m'Malawi muno, choncho ikawonongeka mkati mulibe kokadandaula.

Wina anganene kuti bwanji osangoika onse awiri. N'zotheka. Valve imapereka madiraiva a Windows a Steam Deck, ngakhale imanena kuti zikavuta sithandizapo. Pa makina a Windows okhala ndi purosesa ya kampani ya AMD anthu amaika Bazzite, sisitimu ya Linux yopangidwa ndi anthu odzipereka imene imaoneka ndi kugwira ntchito ngati SteamOS, ndipo kuyambira 2025 SteamOS yeniyeniyo inayamba kutheka pa makina ena a AMD. Mukhoza kugawa diski pawiri, mbali ina Windows ya FIFA, ina Linux ya magemu ena onse. Koma diski ya 512 GB ikagawidwa pawiri imachepa msanga, ndipo tabwereranso pomwe tinayambira: anthu ambiri sadzachita zimenezi.

Microsoft inaona kuti ikutaya malo. Mu October 2025, mogwirizana ndi ASUS, inatulutsa ROG Xbox Ally, imene ili ndi Windows 11 koma imayatsa molunjika pa sikirini ya magemu yoyendetsedwa ndi mabatani, osadzutsa desiki ndi zina zam'mbali. Izi zikusonyeza kuti madandaulo a anthu anali oona. Koma pansi pake ikadali Windows yomwe ija, ndi ma update ake.

Maganizo anga ndi awa. Kamakina ka m'manja kanayenera kubwera ndi sisitimu yopangidwira m'manja, ndipo pakadali pano imene yafika pamenepo ndi SteamOS. Ndikanakhala ndikudzigulira ndekha, ine amene ndimakonda magemu a nkhani osewera wekha usiku ntchito ikatha, sindikanaganiza kawiri. Sindikunena kuti Valve ndi yachifundo kuposa Microsoft, nayonso ikufuna muzigula m'sitolo yake. Chimene ndimafuna kuona ndi chimene Lenovo inachita pa Legion Go S chitafalikira: makina amodzi, masisitimu awiri, wogula asankhe pa kauntala, ndipo pa bokosi alembe momveka magemu otchuka amene sayenda. Kholo limene likugula mphatso ndi ndalama ya thukuta la ku Joni siliyenera kudzazindikira za anti-cheat katundu atawoloka kale malire.

Alamu anatenga ka Windows. Kanafika pa basi mu August, ndipo mwanayo anabwera nako kushopu asanachotse n'komwe pulasitiki ya pa sikirini.

"Amalume, tingoika FIFA basi?"

Ndinamuuza kuti akhale pansi kaye. Tinatsegula metered connection pa hotspot ya foni yake. Tinasintha batani lozimitsira kuti lizichita hibernate. Ndinamuonetsa pochepetsera mawati akakhala pa batire, ndipo ndinamuuza kuti fulashi ya mnzake aliyense isalowemo ndisanaione. Bambo ake ndinawatumizira uthenga kuti ulendo wina adzabweretse power bank yotulutsa mawati 65, popeza tating'ono ta mafoni sitingakwanitse. Diski sindinaigawe. Ndinamuuza kuti tsiku limene adzatope ndi mpira n'kufuna magemu ena, adzabwere tidzayese Bazzite.

Ma update oyamba anatitengera madzulo onse. Pamene gemu inkayamba kutsika, kunja kunali kutada, mavenda a tchipisi a pa depoti atayatsa kale nyali zawo, ndipo mnyamatayo anali atakulunga manja m'juzi, maso ali pa kamzere kosonyeza maperesenti.